Ming ndi Qing: chifukwa chake maufumu awiri omaliza a China ankakhala mosiyana ndi mayiko ena

Kuyambira mu 1368 mpaka mu 1912, dziko la China linalamulidwa ndi mabanja awiri okha achifumu. Banja la Ming linagwira ufumu kufikira mu 1644, ndipo banja la Qing, lomwe linalowa mumzinda wa Beijing chaka chomwecho, linaugwira mpaka pamene ufumu unathetsedweratu. Kwa munthu woyang'ana patali, maufumu awiriwa amaoneka ngati amodzi. Mafumu a Qing anakhala m'nyumba yachifumu imene a Ming anamanga, anapitiriza kusankha akuluakulu a boma kudzera m'mayeso a ziphunzitso za Confucius, ndipo malamulo awo ambiri anachita kutengera kwa anzawo amene anawalowa m'malowo. N'chifukwa chake mbiri ya zaka zoposa 500 zimenezi imakonda kufupikitsidwa m'mawu ochepa, akuti China inali dziko lodzitsekera ndiponso lonyoza alendo mpaka pamene mizinga ya Angerezi inalitsegula mu 1842. Mawuwa ali ndi kachoonadi kake, koma amakwirira kusiyana kumene kumafotokoza zambiri: mafumu a Ming anabadwira kum'mwera kwa Khoma Lalikulu, mpanda wautali wa kumpoto kwa China, ndipo ankaopa anthu okhala kuseri kwake, pamene mafumu a Qing anali anthu a kuseri komweko.

Woyambitsa ufumu wa Ming, Zhu Yuanzhang, amene amadziwika ndi dzina laufumu lakuti Hongwu, anali mwana wa alimi osauka kwambiri. Makolo ake atamwalira pa nthawi ya njala ndi mliri, iye anakakhala m'nyumba ya amonke achibuda, anayendapo akupemphapempha, kenako analowa m'gulu la anthu oukira ufumu wa Yuan, womwe unali wa Amongol, zidzukulu za Chinggis Khan. Mu 1368 asilikali ake analanda likulu la Amongolwo, koma sanawathe; iwo anangobwerera ku zigwa zawo za udzu kumpoto, akavalo awo ali nawo, ndipo sanaiwale kuti analamulirapo China. Mantha amenewa ndiwo anaumba maganizo a banja la Ming pa nkhani za kunja. M'malangizo amene Hongwu anasiyira ana ndi zidzukulu zake munali mndandanda wa mayiko 15 osayenera kuthiridwa nkhondo, kuphatikizapo Korea, Japan, zilumba za Ryukyu za kum'mwera kwa Japan, komanso Annam ndi Champa (m'Vietnam wa lero), pa chifukwa chakuti mayikowa ali kutsidya la mapiri ndi nyanja ndipo kuwalanda sikungapindulitse kanthu. Koma za kumpoto anachenjeza kuti asilikali azikhala tcheru nthawi zonse. Mu 1371 analetsanso anthu wamba kupita panyanja kukachita malonda ndi mayiko ena.

Khomo limodzi lokha ndi limene linasiyidwa lotsegula, ndipo linali khomo la mtulo. Mfumu ya dziko lina yofuna ubale ndi China inkatumiza nthumwi zonyamula zinthu za kwawo, monga akavalo, sulufule, tsabola kapena minyanga ya njovu. Nthumwizo zinkalandiridwa ndi Unduna wa Miyambo, zinkagwada ndi kugunditsa mphumi pansi pamaso pa mfumu yaikulu, ndipo pobwerera zinkapatsidwa nsalu za silika ndi mphatso zina zomwe kawirikawiri zinkaposa mtengo wa zimene zinabweretsa. Mfumu yawo inkalandira chidindo, kalendala ya China ndi kalata yoivomereza pa mpando wake. Chokoma kwambiri kwa alendowo chinali chakuti amalonda otsagana ndi nthumwi ankaloledwa kugulitsa katundu wawo. Boma linkaika malire pa chilichonse. Dziko lililonse linali ndi doko lake lofikira, Japan ku Ningbo ndipo mayiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia ku Guangzhou, komanso linkauzidwa kuti lizibwera pakapita nthawi yaitali bwanji. Korea inkabwera kangapo pachaka, pamene Japan inauzidwa kubwera kamodzi pa zaka 10, itanyamula ziphaso zodulidwa pakati zomwe theka lake linkasungidwa ku China poopa onyenga. Mwambo wa mtulo sunayambe ndi a Ming, koma maufumu a Song ndi Yuan nthawi zambiri ankalola amalonda wamba kuyenda panyanja n'kumawadula msonkho. Chachilendo cha a Ming chinali kumangirira malonda onse akunja ku mtulo, moti wosagwada analibe msika.

Mwana wa Hongwu, mfumu Yongle, analanda mpando kwa mwana wa mkulu wake mu 1402, ndipo monga achitira anthu olowa ufumu mwa nkhondo, ankafunitsitsa kuti aliyense, wapafupi ndi wakutali, amuvomereze. Iyeyu ndiye anatuma Zheng He, mdindo wofulidwa wa m'nyumba yachifumu, Msilamu wochokera ku Yunnan, kuti atsogolere zombo zikuluzikulu ku nyanja za kum'mwera ndi kumadzulo. Maulendo anali 7 pakati pa 1405 ndi 1433, ndipo woyamba unali ndi amuna oposa 27,000. Zombozo zinafika ku Malacca, Calicut ndi Hormuz, zina mpaka ku Mogadishu ndi Malindi kugombe la kum'mawa kwa Africa. Nyamalikiti yochokera ku Malindi itaonetsedwa kwa mfumu mu 1415, nduna zinaitenga ngati chizindikiro chakuti kumwamba kwakondwera ndi ulamuliro wake. Ena amatamanda maulendowa monga amtendere okhaokha, ena amawayerekeza ndi a Columbus, koma zonse ziwirizi n'zoperewera. Zheng He sankafufuza njira zatsopano, pakuti amalonda achiarabu, achimwenye ndi achitchaina ankazidziwa kale. Ntchito yake inali yokatenga mafumu ndi nthumwi kuti adzapereke mtulo, ndipo wokana ankaona zakuda. Ku Palembang mu 1407 anaphwanya gulu la Chen Zuyi, ndipo ku Sri Lanka mu 1411 anagwira wolamulira wa kumeneko n'kupita naye ku China. Yongle yemweyo anaswa malangizo a bambo ake polanda Annam, kumpoto kwa Vietnam wa lero, mu 1407, ndipo ulamuliro umenewu unatha mochititsa manyazi patapita zaka 20, pamene Le Loi anathamangitsa asilikali a Ming. Komabe ngakhale mfumu yokonda zombo imeneyi mtima wake unali kumpoto. Inasamutsira likulu kuchoka ku Nanjing kupita ku Beijing mu 1421, pafupi ndi malire a Amongol, inatsogolera yokha nkhondo zisanu kumeneko, ndipo inamwalira mu 1424 ikubwerera ku nkhondo yachisanuyo.

Maulendo a panyanja anasiyidwa chifukwa ankadya chuma chambiri, komanso nduna zophunzira sizinkakondwa ndi mphamvu za adindo a m'nyumba yachifumu. Koma chimene chinatembenuziratu nkhope ya boma kumpoto chinachitika mu 1449. Esen, mtsogoleri wa Amongol a fuko la Oirat, anali atazindikira kuti mtulo ndi malonda opindulitsa, ndipo magulu a nthumwi zake anakula mpaka kuposa anthu 2,000 pa ulendo umodzi, aliyense akuyembekezera chakudya ndi mphatso. Boma la Ming litachepetsa mphatsozo ndi kutsitsa mtengo wa akavalo, Esen anabwera ndi nkhondo. Mfumu Zhengtong, yomwe inali idakali mnyamata, inatsogolera asilikali mosakonzekera, ndipo pa malo otchedwa Tumu gulu lake linaphwasulidwa, iyo n'kugwidwa yamoyo. Beijing inapulumuka chifukwa nduna Yu Qian inakana zosamutsa likulu, ndipo mng'ono wa mfumuyo analongedwa ufumu, moti wogwidwayo anasanduka wopanda mtengo m'manja mwa Esen. Kuchokera pamenepo a Ming anachepetsa zotsata adani m'zigwa n'kuyamba kudalira makoma. Mbali zambiri za Khoma Lalikulu za njerwa ndi miyala zimene alendo amajambula lero pafupi ndi Beijing ndi ntchito ya a Ming, makamaka ya m'zaka za m'ma 1500.

Khomalo silinathetse vuto, chifukwa chimene Amongol ambiri ankafuna pa nthawiyi unali msika. Anthu oweta ziweto ankasowa mapira ndi tirigu, nsalu, tiyi ndi miphika yachitsulo. Altan Khan, mtsogoleri wa Amongol, anapempha mobwerezabwereza kuti aloledwe kuchita malonda, mfumu Jiajing n'kumakana, mpaka nthumwi yake ina inaphedwa. Mu 1550 Altan anafika pa zipata za Beijing n'kutentha midzi yozungulira. Mtendere unabwera mu 1571, Jiajing atamwalira, pamene boma linapatsa Altan udindo wa mfumu yaing'ono ndi kutsegula misika ya akavalo m'malire, ndipo dera limenelo linakhala bata kwa zaka zambiri. N'zomvetsa chisoni kuti magazi anakhetsedwa kwa zaka pafupifupi 30 pa chinthu chimene pamapeto pake chinaperekedwa ndi kalata chabe. Koma kunyumba yachifumu ya Ming, nduna yolankhula zogwirizana ndi Amongol inkatengedwa ngati yamantha kapena yogulitsa dziko, ndipo ochepa okha ndi amene ankalimba mtima kutero.

Kugombe zinayenda chimodzimodzi. Mu 1523 magulu awiri a nthumwi za ku Japan, otumidwa ndi mabanja a Hosokawa ndi Ouchi, anamenyana mu Ningbo polimbirana kuti enieni ndani, ndipo boma linakhwimitsa chiletso. Anthu a ku Fujian ndi Zhejiang, amene moyo wawo unali panyanja, anayamba kuzembetsa katundu, ndipo wozembetsa katundu akamasakidwa amasanduka wachifwamba. Magulu amene anazunza gombe m'zaka za m'ma 1550 ankatchedwa achifwamba a ku Japan, koma ambiri mwa iwo, ngakhale atsogoleri monga Wang Zhi, anali Matchaina. Mu 1567 boma linafewa pang'ono n'kulola amalonda kunyamukira pa doko la Yuegang ku Fujian kupita kumayiko ena kupatula Japan. Apwitikizi anali atakhazikika kale ku Macau cha mu 1557, komwe ankalipira lendi, ndipo anthu a ku Spain analanda Manila mu 1571. Siliva wa ku migodi ya Potosí, ya ku Mexico ndi ya Iwami ku Japan anayamba kukhamukira ku China posinthana ndi silika ndi mbale za ku Jingdezhen, pa nthawi yomwe boma linkasintha misonkho kuti izilipidwa ndi siliva. Mbale za ku China zinafika kutali kudzera m'manja ambiri. Ofukula zakale anapeza zidutswa zake ngakhale pa Mankhamba, likulu la Kalonga wa Amaravi pafupi ndi Mtakataka. Choncho m'zaka zake 70 zomaliza ufumu wa Ming unali utalowerera m'malonda a dziko lonse, pamene m'mabuku a boma ubale ndi mayiko ena unkalembedwabe ngati mtulo.

Mtulo sunali mwambo wachabechabe, ndipo umboni wake ndi Korea. Toyotomi Hideyoshi, wolamulira Japan, atathira nkhondo dzikolo mu 1592, ali ndi cholinga chopitirira mpaka ku China, mfumu Wanli inatumiza asilikali masauzande ambiri, amene analandanso Pyongyang mu 1593. Zokambirana za mtendere zinali zoseketsa ndi zomvetsa chisoni pamodzi: amkhalapakati a mbali zonse ankanamiza owatuma, Beijing n'kumakhulupirira kuti Hideyoshi akupempha kuvomerezedwa monga mfumu yopereka mtulo, Hideyoshi n'kumakhulupirira kuti China yamvera zofuna zake. Chinyengocho chitaululika mu 1596, nkhondo inayambiranso, n'kutha mu 1598 Hideyoshi atamwalira. Korea inapulumuka, koma chuma cha Ming chinaphwa, ndipo kumpoto chakum'mawa, ku Manchuria, kunali munthu amene ankangokulirakulira. Nurhaci, mtsogoleri wa Ajurchen, anali wopereka mtulo kwa a Ming, anali ndi udindo wausilikali umene iwo anamupatsa, anapitapo yekha ku Beijing ndi mtulowo, ndipo analemera pogulitsa zikopa ndi mizu ya ginseng. Banja limene linadzakhala Qing linaphunzira dongosololi lili mbali ya ogwada.

Nurhaci analengeza ufumu wake mu 1616, ndipo mwana wake Hong Taiji anatcha anthu ake Amanchu mu 1635, ufumuwo n'kuutcha Qing mu 1636. Amanchu sanali oweta ziweto oyendayenda ngati Amongol. Ankalima, kusaka ndi kuchita malonda. Koma anali ochepa, ndipo ankadziwa kuti popanda Amongol sangapite patali, choncho ena anawagonjetsa, ena anawamanga ndi ukwati. Akazi angapo a Hong Taiji anali a fuko la Khorchin, ndipo mmodzi wa iwo ndiye anabereka Shunzhi, mfumu yoyamba ya Qing kukhala mu Beijing. Mwana wa Ligdan Khan, mfumu ya Amongol ya mzera wa Chinggis, atagonja mu 1635, anapereka chidindo chimene ankati chinali cha mafumu a Yuan, ndipo chaka chotsatira akalonga a Amongol a kum'mwera anavomereza Hong Taiji kukhala khan wawo, kutanthauza mfumu yawo yaikulu. Pofika mu 1638, kutatsala zaka 6 kuti alowe mu Beijing, Amanchu anali kale ndi ofesi yoona za Amongol yotchedwa Lifan Yuan, imene inalibe inzake m'boma la Ming. Woukira Li Zicheng atalanda Beijing mu 1644, mfumu ya Ming Chongzhen n'kudzimangirira, mkulu wa asilikali Wu Sangui anatsegulira Amanchu chipata cha Shanhai, ndipo gulu limene linalowa linali la Amanchu, Amongol ndi Matchaina a mtundu wa Han pamodzi.

Kuyambira pamenepo China inakhala ndi makomo awiri m'malo mwa limodzi. Korea, Ryukyu, Vietnam, Siam ndi nthumwi zobwera panyanja zinapitiriza kudzera ku Unduna wa Miyambo monga kale. Amongol, Atibet, pambuyo pake Asilamu a kumadzulo, ngakhalenso Russia, ankadzera ku Lifan Yuan, komwe maudindo akuluakulu ankapatsidwa kwa Amanchu ndi Amongol ndipo ntchito yambiri inkayenda m'zilankhulo zawo. Mfumu imodzi inkaoneka mosiyana kwa anthu osiyana: kwa ophunzira a mtundu wa Han inali Mwana wa Kumwamba wosunga miyambo ya Confucius, kwa Amongol inali khan ndiponso mbale wa m'ukwati, ndipo kwa Atibet inali mtetezi wa chipembedzo chachibuda. Dalai Lama wachisanu, mtsogoleri wachibuda wa ku Tibet, analandiridwa ku Beijing mu 1653. Mfumu Kangxi, mwana wa Shunzhi, ndi mdzukulu wake Qianlong ankathera nyengo yotentha ku Chengde, kunja kwa Khoma, n'kumasaka nyama pamodzi ndi akalonga achimongol ku Mulan, ndipo Qianlong anamangako kachisi wotengera Potala, nyumba ya Dalai Lama ku Lhasa, likulu la Tibet. Mu 1691 mkulu wina wa asilikali atapempha kuti Khoma likonzedwe pa Gubeikou, Kangxi anakana, pokumbutsa kuti makomawo sanatsekereze makolo ake. Chimene kwa a Ming chinali mapeto a dziko tsopano chinali pakati pa dziko.

Palibe chimene chimaonetsa kusiyanaku kuposa mmene Kangxi anachitira ndi Russia. Arasha atamanga linga pa Albazin, m'mbali mwa mtsinje wa Amur, a Qing analizinga mu 1685 ndiponso mu 1686. Koma mu 1688 Galdan, mfumu ya Adzungar, omwe anali Amongol a kumadzulo, anathira nkhondo Amongol a Khalkha, ndipo Kangxi anaona kuti ngozi yeniyeni ndi yakuti Galdan angagwirizane ndi Russia. Mu 1689 nthumwi zake zinakumana ndi Fyodor Golovin ku Nerchinsk, kutali ndi Beijing, ndipo panalibe zogwada. Ansembe awiri achijezuiti, Tomás Pereira ndi Jean-François Gerbillon, ndiwo anamasulira. Pangano linalembedwa m'Chilatini, Chimanchu ndi Chirasha, ndipo mbali ziwirizo zinasaina ngati zofanana. Russia itakhala pambali, akalonga a Khalkha anadzipereka kwa Kangxi pa Dolon Nor mu 1691, ndipo Galdan anagonjetsedwa mu 1696. Pangano la Kiakhta la mu 1727 linawonjezera msika wa m'malire ndi kuvomereza tchalitchi cha Arasha mu Beijing, komanso linapeza njira yochenjera yozembera funso lakuti wamkulu ndani: olemberana makalata akhale Lifan Yuan ndi nyumba ya Senate ya ku Russia, osati mafumu eniake. Nthumwi za Qing zinafika mpaka ku Moscow mu 1731. Boma la Ming, lomwe linakana kwa zaka zambiri kutsegulira Altan Khan msika, silikanaganiza zoterozo.

Qianlong anamaliza ntchitoyi mwankhanza. Pakati pa 1755 ndi 1758 ufumu wa Adzungar unafafanizidwa, anthu ake ambiri anafa ndi lupanga kapena nthomba, ndipo mu 1759 mizinda ya Asilamu monga Kashgar ndi Yarkand inalandidwa. Derali ndi limene linadzatchedwa Xinjiang. Ku Lhasa asilikali a Qing anali atalowa kale mu 1720, kenako kunaikidwa nduna zoimira mfumu. Dziko linakula pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi la Ming, ndipo Amongol, amene kwa a Ming anali mutu waukulu wa nkhani za kunja, anasanduka nkhani ya m'nyumba. Kum'mwera sizinayende: nkhondo za ku Burma za pakati pa 1765 ndi 1769 zinathera m'malungo, ndipo ku Vietnam mu 1789 Nguyen Hue anaphwasula gulu la Qing. Apa mtulo unathandiza kubisa manyazi, pakuti opambanawo pambuyo pake anatumiza nthumwi, Qianlong n'kuwavomereza, nkhondozo n'kuziwerengera pa zipambano zake.

Kugwada sikunkatanthauza chikondi. Mfumu Injo ya ku Korea inagwadira Hong Taiji mu 1637 itagonja pa nkhondo, ndipo kuyambira pamenepo nthumwi za ku Korea sizinkaphonya. Koma kwawo anthu ophunzira ankaona Amanchu ngati osadziwa mwambo, ambiri ankawerengabe zaka kuchokera pa ufumu wa Chongzhen, ndipo mu 1704 mu Seoul munamangidwa guwa lokumbukira Wanli. Ryukyu inkapereka mtulo ku Beijing ili m'manja mwa olamulira dera la Satsuma ku Japan kuyambira mu 1609, n'kumabisa zimenezo. Japan yeniyeniyo inalibe ubale wa boma ndi Qing mpaka mu 1871, koma amalonda achitchaina ankakagula mkuwa ku Nagasaki, ndipo Beijing sinkaona vuto.

Panyanja a Qing anayamba mouma mtima kuposa a Ming, pakuti mu 1661 anasamutsa anthu a m'gombe n'cholinga choti Zheng Chenggong, amene ankamenyerabe ufumu wa Ming, asowe chakudya ndi malonda. Koma atalanda Taiwan mu 1683, Kangxi anachotsa chiletso chaka chotsatira n'kutsegula maofesi a msonkho m'zigawo zinayi za kugombe, ndipo zombo za Azungu zinayamba kuchita malonda popanda kubweretsa mtulo. Lamulo la mu 1757, lakuti Azungu azifikira ku Guangzhou kokha ndipo azigula kudzera mwa amalonda ovomerezeka, silinatseke malonda. Tiyi wopita ku London ankangochulukirachulukira, ndipo zombo zachitchaina zinkapitabe ku Batavia, Manila ndi Siam. Cholinga chinali choti alendo azikhala kutali ndi likulu koma siliva azilowa.

George Macartney, nthumwi ya Britain, atafika ku Chengde mu 1793 kudzapempha madoko ena, kachilumba kosungirapo katundu ndi kazembe wokhala mu Beijing, Qianlong anakana zonse, ndipo kalata yake kwa mfumu George III, yonena kuti China sisowa katundu wa ku Britain, yakhala ikuwerengedwa ngati umboni wa kudzikuza kosaona patali. Kudzikuza kunalipo, koma alendowo asanachoke n'komwe m'dzikolo, mfumuyo inalamula abwanamkubwa a kugombe kuti alimbitse chitetezo, kusonyeza kuti inawaona ngati anthu oopsa. Mdzukulu wa munthu amene anavomereza pangano la Nerchinsk ankadziwa kuti mapangano a anthu ofanana n'ngotheka. Kungoti Russia inali ndi chinthu chimene a Qing ankachifuna, pamene Britain inkaoneka ngati ilibe. M'kuona kwanga, vuto lalikulu linali m'makomo awiri aja. Malipoti ochokera ku Tibet onena za mphamvu yatsopano ku India ankayenda njira ina, a ku Guangzhou onena za Angerezi ankayenda njira inanso, ndipo panatenga nthawi yaitali kuti Beijing imvetse bwino kuti ndi anthu amodzi. Banja limene linagonjetsa adani obwera pa akavalo silinakonzekere obwera pa zombo.

Zotsatira zake n'zodziwika. Nduna ya Qing Lin Zexu inawononga mabokosi oposa 20,000 a opiamu, mankhwala ozunguza bongo amene amalonda a ku Britain ankabweretsa, mu 1839, nkhondo ndi Britain inabuka, ndipo pangano la Nanjing la mu 1842 linapereka chilumba cha Hong Kong, kutsegula madoko asanu ndi kulipiritsa China ndalama zasiliva 21 miliyoni. Chosadziwika kwambiri n'chakuti zaka zochepa m'mbuyomo a Qing anali atalola ufumu wa Kokand, woyandikana ndi Xinjiang kumadzulo, kukhala ndi oimira ake odula msonkho ndi kuweruza milandu ya amalonda akunja ku Kashgar, moti n'zosadabwitsa kuti nduna zina zachimanchu zinaona zimene zinapatsa Angerezi ngati njira yakale yotonthozera mlendo wovuta wa m'malire. Maso anatseguka mu 1860, Angerezi ndi Afalansa atafika ku Beijing, nyumba yachifumu ya Yuanmingyuan itatenthedwa, ndipo Russia itatenga dziko la kumpoto kwa Amur ndi kum'mawa kwa Ussuri. Mu 1861 kunakhazikitsidwa Zongli Yamen, khomo lachitatu, loona za mayiko a Azungu, ndipo kazembe woyamba wokakhala kunja, Guo Songtao, anafika ku London mu 1877.

Cha mu 1875 nduna ziwiri, zonse za mtundu wa Han, zinatsutsana pa funso limene m'nthawi ya Ming silikanafunsidwa n'komwe. Li Hongzhang ankati ndalama zochepa zimene zinalipo zipite ku zombo zankhondo, ndipo Xinjiang, yomwe inali itagwa m'manja mwa Yaqub Beg, msilikali wochokera ku Kokand, isiyidwe. Zuo Zongtang ankati kutaya Xinjiang n'kutaya Mongolia, ndipo kutaya Mongolia n'kuika Beijing pangozi. Zuo analoledwa kupita, anagonjetsa gulu la Yaqub Beg pofika mu 1878, ndipo Xinjiang inakhala chigawo cha China mu 1884. Mayiko a mtulo ndi amene anachoka limodzi ndi limodzi: Japan inameza Ryukyu mu 1879, China inavomereza ulamuliro wa France ku Vietnam mu 1885, ndipo mu 1895, Japan itaphwanya zombo za Li, pangano la Shimonoseki linachotsa Korea pansi pa China n'kupereka Taiwan.

Anthu amene anagwetsa ufumu mu 1911 ankabwereza mfuu ya Hongwu, yothamangitsa olamulira achilendo ndi kubwezeretsa China kwa eni ake, ndipo mu February 1912 mtsogoleri wawo Sun Yat-sen anapita ku manda a Hongwu ku Nanjing kukanena kuti ntchitoyo yatheka. Koma malire amene boma latsopano linadzitengera sanali a Ming. Kalata yotula pansi ufumu ya pa 12 February 1912 inapereka kwa boma latsopanolo madera a Amanchu, a mtundu wa Han, a Amongol, a Asilamu ndi a Atibet pamodzi. Akalonga a Khalkha anali atalengeza kale ufulu wawo mu December 1911, ponena kuti lumbiro lawo linali kwa banja la Qing, osati kwa China, ndipo mu 1913 Dalai Lama wa 13 ananena kuti ubale wa Tibet ndi mafumuwo unali wa mlangizi wa chipembedzo ndi womuteteza. Boma la China linavomereza Mongolia kukhala dziko palokha mu 1946, dzikolo lili pansi pa chitetezo cha Soviet Union, pamene Xinjiang ndi Tibet zili m'malire a China mpaka lero, ndipo mbali iliyonse pa mikangano ya madera amenewa imatchulabe zimene zinachitika m'masiku a Kangxi ndi Qianlong.